Chida cha AI chowerenga masheya anu: mafotokozedwe ake amayesedwa bwanji?

Makampani ena ogulira anthu masheya, komanso akatswiri a mapulogalamu odziimira paokha, ayamba kutulutsa tizida tolola AI, mapulogalamu a kompyuta otha kumva ndi kuyankha mawu a munthu, kulowa mu akaunti ya munthu n'kuona masheya omwe ali nawo. Mwini akaunti amangolemba kuti, "Masheya anga akwana ndalama zingati lero?" yankho n'kubwera. Pamodzi ndi tizidati pabuka chizolowezi chopereka malikisi pa mafotokozedwe ake, ndipo ambiri akusokonekera pamenepa. Chida chogwira bwino ntchito chimatha kulandira malikisi otsika chifukwa mwini wake anangochilembera mawu awiri, "Get holdings," kutanthauza kuti "tenga masheya omwe munthu ali nawo." China chosayesedwapo pa akaunti yeniyeni chimatha kupata malikisi apamwamba chifukwa chinalembedwa mwaluso. Nanga chikuyesedwa n'chiyani, ndipo mwini ndalama zikumukhudza pati?

Agent ndi chida chake

Agent ndi pulogalamu ya AI yotha kutumika. Simangocheza nanu ayi: imasankha chochita, imaitana pulogalamu ina, imalandira yankho, kenako n'kupitiriza. Timapulogalamu tomwe imaitanato ndito timatchedwa zida. Payokha AI sidziwa kanthu za akaunti yanu. Zonse zomwe ingakuuzeni zokhudza masheya anu yazitenga ku chida, ndipo chidacho chazitenga ku kompyuta ya broker, kampani yomwe imakugulirani ndi kukusungirani masheyawo.

Njira imeneyi inafala mu Juni 2023, pomwe OpenAI inatsegula chomwe amati function calling, njira yoti AI iziitanira mapulogalamu ena. Mu Novembala 2024 Anthropic inatulutsa Model Context Protocol, mwachidule MCP, dongosolo limodzi lolumikizira zida ku AI zosiyanasiyana, ndipo mu 2025 OpenAI ndi Google analengeza kuti nawonso alitsatira. Mu MCP chida chilichonse chimadzidziwitsa ndi zinthu zitatu zikuluzikulu: dzina, monga get_holdings, mafotokozedwe olembedwa m'mawu wamba, ndi inputSchema, ndandanda ya zomwe chidacho chimafuna kupatsidwa chisanagwire ntchito. Zimenezi ndizo AI imadalira kwenikweni. Siona mkati mwa pulogalamuyo, ndipo buku lalitali la malangizo lomwe broker analemba kwina silifika m'maso mwake pokhapokha wina atalibweretsa.

Apa ndipo pagona kusiyana ndi zolemba zakale. Madongosolo ngati Swagger, yomwe inayamba cha mu 2011 n'kudzasanduka OpenAPI, analembedwera katswiri wa mapulogalamu. Iye amawerenga, kuyesa, kufunsa mnzake pomwe sakumvetsa, kenako kulemba pulogalamu yomwe izichita chinthu chomwecho tsiku ndi tsiku. AI imawerenga mafotokozedwe mwatsopano nthawi iliyonse, n'kugamula pomwepo. Ili ngati kalaliki wanzeru wolembedwa ntchito m'mawa uliwonse, wosakumbuka za dzulo, amene wapatsidwa makadi ofotokoza makina a mu ofesi koma alibe womufunsa. Khalidwe lake lodetsa nkhawa n'lakuti pomwe khadi silinanene kanthu, kawirikawiri amangoganizira, n'kuyankha molimba mtima ngati akudziwa. Choncho mafotokozedwe a chida si chokongoletsera. Ndi mbali ya makinawo, ndipo akalakwika, makina alakwika.

Holdings ndi positions

Funso loyamba kwa woyesa aliyense n'lakuti: kodi mafotokozedwewa akunena chomwe chidachi chimabweretsa, ndi chomwe sichibweretsa? Pa nkhani ya masheya funsoli n'lolemera kuposa momwe likuonekera, chifukwa mawu akuti holdings ndi positions sagwiritsidwa ntchito mofanana paliponse. Pa Kite Connect, dongosolo la kampani ya Zerodha ku India, holdings ndi masheya omwe afika kale m'manja mwa mwini wake kuti awasunge, pomwe positions ndi malonda a nthawi yochepa, a tsiku lomwelo ndi a makontirakiti a mtsogolo. Pa dongosolo la Alpaca ku America, masheya onse omwe munthu ali nawo amapezeka pansi pa mawu akuti positions. Onse awiri sakulakwa. Koma AI yomwe yapatsidwa get_holdings ndi get_positions popanda chiganizo chozisiyanitsa izisankha mwamwayi.

Gwero la kusiyanaku ndi nthawi yomalizitsa malonda. Mukagula sheya, ndalama ndi sheyayo sizisinthana manja mphindi yomweyo. Ku America ntchitoyi inkatenga masiku atatu a malonda kuyambira mu 1995, inatsikira pa awiri mu 2017, ndipo kuyambira pa 28 Meyi 2024 imatenga tsiku limodzi, zomwe amalemba kuti T+1. India inamaliza kusamukira ku T+1 mu Januwale 2023. Britain ndi mayiko a European Union akonza zosamuka mu Okutobala 2027. Pakati pa kugula ndi kulandira, sheya ili ngati phukusi lomwe mwalipira koma likadali panjira: ndi lanu, koma mukatsegula kabati simulipeza.

Tiyerekeze munthu ali ndi masheya 100 a kampani ina, ndipo Lolemba m'mawa wagula ena 20. Madzulo akufunsa agent kuti ali ndi angati. Pa dongosolo lofanana ndi la Kite, 20 aja tsiku limenelo ali mu positions. Mawa lake akhoza kuoneka mu holdings, koma m'kabokosi kapadera kotchedwa t1_quantity, osati mu quantity. Agent yaitana get_holdings yokha, yaona 100, yanena 100. Munthuyo akuganiza kuti kugula kuja kunalephereka, agulanso 20, ndipo wadzipeza ali ndi 140 osafuna. Chida sichinaname, nambala iliyonse inali yoona. Chinasowa ndi chiganizo chimodzi chonena kuti zogulidwa lero sizili muno, zifunidwe ku get_positions. Pa zonse zomwe woyesa angayang'ane, chiganizo cha mtundu umenewu ndicho choyenera kulemera kwambiri pa malikisi, ndipo n'chomwe chimasowa kawirikawiri.

M'gawo lomweli mulinso mafunso ena ofunika kuyankhidwa m'mafotokozedwe: kodi ndalama zomwe zangokhala mu akaunti zikuwerengedwa? Nanga masheya omwe munthu waikiza ngati chikole pobwereka? Nanga ndalama zoikidwa m'mathumba a pamodzi, zomwe ma broker ena amazisunga pa ndandanda ina?

Nambala ndi tanthauzo lake

Chida chikayankha, chimabweza mizere ya manambala. Kwa miyezi yoyamba MCP inalibe malo okhazikika ofotokozera maonekedwe a yankholo. OutputSchema inawonjezedwa mu Juni 2025. Koma ngakhale itadzazidwa, kunena kuti kabokosi kakuti muli nambala sikunena kuti nambalayo ikutanthauza chiyani. Zili ngati botolo la mankhwala lolembedwa kuti "imwani 5" osanena kuti madontho, masipuni kapena mapiritsi.

Taonani mzere uwu wa sheya ya pa msika wa London: quantity (chiwerengero) 200, last_price (mtengo womaliza) 2450. Masheya ambiri pa msika wa London mitengo yake imalembedwa m'mapeni, osati m'mapaundi. Ndiye kuti 2450 ndi mapaundi 24.50, ndipo masheya 200 akwana mapaundi 4,900. Agent yosauzidwa ichulukitsa 200 ndi 2450 n'kuuza munthu kuti ali ndi mapaundi 490,000. Pa msika wa Johannesburg msampha ndi womwewo, chifukwa mitengo imalembedwa m'masenti. Mafotokozedwe abwino amanena ndalama yomwe yagwiritsidwa ntchito, makamaka ndi zilembo zitatu za ISO 4217 monga USD kapena GBP, ndi kuchenjeza pomwe mtengo uli m'timagawo ta ndalamayo. Ngati akaunti ili ndi masheya a mayiko angapo, amanenanso ngati chiwerengero chonse chasinthidwa kale kukhala ndalama imodzi, ndi mtengo wosinthira wa nthawi iti.

Maperesenti nawo amapusitsa. Dongosolo lina limalemba phindu la 5 peresenti ngati 5, lina ngati 0.05. Malangizo a Alpaca, mwachitsanzo, amanena kuti kabokosi ka unrealized_plpc kamatsatira njira yachiwiriyi. Wopanga chida akaiwala kusamutsira mfundo imeneyo m'mafotokozedwe ake, agent ikhoza kuuza munthu kuti wapindula 0.05 peresenti.

Kenako pali nthawi. Mtengo "womaliza" ukhoza kukhala wa mphindi ino, wochedwa ndi mphindi 15 monga zimakhalira kwa omwe sanalipire mitengo ya pompopompo, kapena wa potseka msika Lachisanu pomwe lero ndi Lamlungu. Yankho likhale ndi nthawi yolembedwa mwa ISO 8601, muyezo wa dziko lonse wolembera tsiku ndi nthawi, yosonyeza chigawo cha nthawi, ndipo mafotokozedwe auze agent kuti iziitchula poyankha.

Mtengo wogulira wapakatikati ndi wovuta kuposa zonsezi. Kodi waphatikiza ndalama zomwe broker anadula? Munthu akagulitsa gawo la masheya ake, kodi amayamba kuchoka ndi omwe anagulidwa koyamba, kapena mtengo wangogawidwa mofanana? Nanga kampani ikagawa sheya? Mu Juni 2024 Nvidia inagawa sheya iliyonse kukhala 10, mtengo wa imodzi n'kutsika mogwirizana. Pa masiku otere, ngati mtengo wasintha kale koma chiwerengero cha masheya chikadali chakale, ndandanda ionetsa ngati munthu waluza 90 peresenti ya ndalama zake pomwe sanaluze kanthu. Chida chomwe mafotokozedwe ake amavomereza kuti zoterezi zikhoza kuchitika chimapatsa agent mpata wokayikira m'malo moopseza munthu.

Ngakhale dzina la sheya silodalirika monga ambiri amaganizira. Chidule cha pa msika chimasintha: FB, chidule cha Facebook, inakhala META mu Juni 2022. Sheya imodzi imathanso kugulitsidwa pa misika iwiri. N'chifukwa chake pali ISIN, nambala ya zilembo 12 yozindikiritsa sheya, yotsatira muyezo wa ISO 6166. Ya Apple ndi US0378331005. Mafotokozedwe anene kuti n'kabokosi kati koyenera kudalira pofananitsa ndi zida zina.

Zomwe chida chimafuna kupatsidwa

Apa nkhani n'njaifupi, chifukwa zida zambiri zowerenga masheya sizifuna kupatsidwa zambiri, zina sizifuna kanthu. Chida chotere sichiyenera kudulidwa malikisi kaamba kosafotokoza zomwe kulibe. Koma pali mafunso awiri omwe kusowa kwa zolowetsa sikuwathetsa. Munthu akakhala ndi maakaunti angapo, wake, wa penshoni ndi wogawana ndi mnzake, kodi ikuwerengedwa ndi iti? Ndipo ndandanda ikakhala yaitali, kodi imabwera yonse kapena m'masamba? Ngati tsamba limodzi limanyamula mizere 50 ndipo munthu ali ndi 73, agent yosauzidwa za tsamba lachiwiri iphatikiza 50 yokha n'kupereka chiwerengero choperewera, chooneka bwinobwino.

Khalidwe la chida, makamaka chikalephera

Mu Malichi 2025 MCP inawonjezera timbendera tinayi tofotokoza khalidwe la chida: readOnlyHint, kusonyeza kuti chimangowerenga, destructiveHint, kuti chikhoza kuwononga kapena kufufuta, idempotentHint, kuti kuchiitana kawiri sikuwonjezera china, ndi openWorldHint, kuti chimalumikizana ndi zakunja. Wopanga akapanda kulemba kanthu, lamulo limaganizira zoipa: chidacho chimatengedwa kuti si chowerenga chokha ndipo chikhoza kuwononga. Chida chowerenga masheya chimayenera kukhala ndi readOnlyHint yosonyeza zoona, makamaka popeza nthawi zambiri chimakhala pa seva imodzi (pulogalamu yopereka zida kwa AI) ndi zida zogulira ndi kugulitsira. Komabe timbenderati ndi mawu a wopanga, monga chikwangwani pa chitseko, si loko. Malamulo a MCP omwe amachenjeza kuti tisakhulupiriridwe ngati seva yake si yodalirika.

Chomwe oyesa ambiri amadumpha ndi kulephera. Chilolezo cholowera mu akaunti chimatha, ndipo kwa ma broker ena chimatha tsiku lililonse. Broker amachepetsanso maulendo omwe pulogalamu ingafunse pa mphindi. Nthawi zina kompyuta zake zimakhala zikukonzedwa usiku. MCP ili ndi njira yolengezera vuto, kambendera ka isError, koma chida cholembedwa mwachangu chimatha kungobweza ndandanda yopanda kanthu. Kwa agent, ndandanda yopanda kanthu ikutanthauza kuti munthu alibe sheya ndi imodzi yomwe. Taganizirani munthu amene wasunga ndalama zaka zambiri akuwerenga yankho limenelo pakati pa usiku. Mafotokozedwe abwino amasiyanitsa momveka "akaunti ilibe kanthu" ndi "sindinathe kuwerenga," n'kunena chochita pa vuto lililonse: kupempha munthu alowenso, kudikira, kapena kusiya.

Kuyesa powerenga ndi kuyesa pogwiritsa ntchito

Malikisi ambiri omwe anthu amaona amachokera m'njira yoyamba. Munthu, kapena kawirikawiri AI ina, amawerenga mafotokozedwe n'kuwapatsa malikisi pa mitu ingapo: ngati cholinga chikumveka, ngati akunena nthawi yogwiritsa chidachi m'malo mwa chinzake, ngati khalidwe lake laululidwa, ngati zolowetsa zafotokozedwa, ngati ndi achidule, ngati ndi okwanira. Ubwino wa njirayi ndi liwiro komanso kufananitsa zida zambiri pa muyezo umodzi. Malire ake ndi aakulu: imayesa zolembedwa, osati ngati zolembedwazo n'zoona. Mafotokozedwe onena mwadongosolo kuti mitengo ndi ya pompopompo adzapata malikisi onse, ngakhale mitengoyo ili yochedwa ndi mphindi 15.

Njira yachiwiri imafuna thukuta. Mumatsegula akaunti yoyeserera, yomwe ma broker ena amapereka ndi ndalama zongoyerekeza, n'kuikamo dala zinthu zovuta: sheya yogulidwa lero, ya m'ndalama ina, yomwe yangogawidwa kumene, ndi mizere yochuluka kuposa tsamba limodzi. Mumalemba mafunso 20 kapena 30 monga momwe munthu wamba angafunsire, kuphatikizapo ena omwe chidachi sichiyenera kuyankha, monga "Ndatsala ndi ndalama zingati zogulira?" Mumalumikiza zida zonse za sevayo pamodzi, chifukwa kusokoneza zida kumaoneka pokhapokha zinzake zilipo. Funso lililonse mumalibwereza kasanu kapena kupitirira, popeza AI siyankha chimodzimodzi nthawi zonse. Pa ulendo uliwonse mumalemba ngati yasankha chida choyenera, ngati nambala yagwirizana ndi sitetimenti ya broker, komanso ngati yatchula nthawi ndi mtundu wa ndalama. Kenako mumathetsa dala chilolezo n'kuona zomwe inene. Pomaliza mumasintha chiganizo chimodzi chokha m'mafotokozedwe n'kubwereza zonse. Mukasintha ziganizo zitatu nthawi imodzi, simudziwa chomwe chathandiza.

Kufananitsa ndi sitetimenti kukufunika kusamala pang'ono. Makompyuta akamaphatikiza tizigawo ta nambala mwa njira yawo yamasiku onse, 0.1 kuphatikiza 0.2 amapeza 0.30000000000000004, ndipo n'chifukwa chake madongosolo ena amatumiza ndalama ngati mawu olembedwa m'malo mwa nambala. Kusiyana kwa kasenti kamodzi kungachokere kumeneko, osati m'mafotokozedwe.

Kutalika ndi kukhulupirika

Pa za kutalika akatswiri sagwirizana. Ena amati lembani zonse, pakuti chiganizo chosowa chikhoza kuluzitsa munthu ndalama. Anzawo amakumbutsa kuti mafotokozedwe a zida zonse nthawi zambiri amalowetsedwa m'zomwe AI imawerenga pa kucheza kulikonse. Seva ya zida 40 zokhala ndi ndime zitatu chilichonse imadya malo, imakweza mtengo, ndipo mfundo yofunika imamira m'mawu ochuluka. Mbali zonse zili ndi mfundo. Pomwe ambiri amakumana ndi apa: tanthauzo la kabokosi lipite mu outputSchema, ndipo m'mafotokozedwe mukhale zokhazo zomwe zingasinthe chosankha cha agent.

Palinso mbali ya chitetezo. Popeza AI imamvera zolembedwa m'mafotokozedwe, munthu woipa akhoza kubisamo malangizo. Mu Epulo 2025 kampani ya Invariant Labs inasonyeza zimenezi poyera, n'kuzitcha tool poisoning. Seva ikhozanso kusintha mafotokozedwe munthu atavomereza kale chidacho. Choncho woyesa aziwerenga mawu onse monga momwe AI imawalandirira, osati achidule oonetsedwa pa sikirini, ndipo azilemba tsiku lomwe wayesa.

Mafunso omwe akadali poyera

Loyamba ndi la udindo. Munthu akagula kapena kugulitsa potsatira yankho lolakwika lomwe gwero lake ndi chiganizo chosowa, mlandu ugwere ndani: broker, wopanga chida, kampani ya AI, kapena iye mwini? Zida zambiri zimapangidwa ndi anthu omwe si a broker, ndipo amazipereka popanda lonjezo lililonse.

Lachiwiri ndi la muyezo. Mafotokozedwe okwanira kwa AI imodzi akhoza kusokoneza ina, ndipo AI yatsopano ikhoza kumva chiganizo chomwecho mosiyana ndi yakale. Ndiye malikisi aziperekedwa kwa chida chokha, kapena kwa chida pamodzi ndi AI yomwe yachigwiritsa ntchito? Ndipo AI ikamayesa zomwe AI inzake yalemba, sitikungopereka malikisi apamwamba ku kalembedwe komwe makina amakonda?

Palinso nkhani ya kukalamba kwa zolemba. Broker akasintha tanthauzo la kabokosi, kapena msika ukasamukira ku T+1, mafotokozedwe omwe anali oona dzulo amasanduka bodza popanda wowakhudza. Kodi malikisi azitha mphamvu pakapita miyezi ingati, ndipo ndani aziyesanso?

Za chiyankhulo nazo zikudikira kufufuzidwa bwino. Mafotokozedwe ambiri ali m'Chingerezi, pomwe munthu akhoza kufunsa m'chiyankhulo chomwe mawu amodzi amaimira holdings ndi positions pamodzi. Kodi mayeso ochitidwa m'Chingerezi chokha akutiuza zokwanira za munthu ameneyo?

Ndipo mwini ndalama, amene nthawi zambiri saona mafotokozedwewa n'komwe, kodi aziwasonyezedwa asanavomereze chida, kapena agent izikakamizidwa kutchula malire a chidacho m'yankho lililonse lokhala ndi nambala ya ndalama?